Pakamwa Panga ndi Mayeso a Kalikulasi

Ikani kaye pansi timafoni tanuto, ana inu. Iwe Kondwani ndakuona, wabisa kumbuyo koma chala chikuyendabe. Ndipo iwe Tisungane, pukuta m'maso ubwere ukhale pafupi ndi ine. Chibwerere ku yunivesite kuja sukudya, sukuseka, nyimbo ndi imodzimodzi: "Agogo, kalikulasi wandikana, mayeso obwereza sindikalemba." Wakukana? Kodi ndi mnyamata kalikulasiyo kuti akukane? Khala pansi ndikuuze za ine, ndipo enanu mumvere limodzi chifukwa tsiku lanu likubwera.

Inu mumangodziwa kuti agogo anu anali aphunzitsi a masamu, ndipo tikalowa mumsika muno mu Chipata mumatopa ndi anthu ondipatsa moni. Chimene simudziwa n'chakuti kalikulasi yemweyo anandigwetsapo chagada, ndili mayi wa ana anayi, imvi zitayamba kale kutuluka cham'mbalimu. Ndipo sikuti mutu unalibe kanthu ayi. Chinandigwetsa ndi pakamwa pangapa.

Mukuseka chiyani? Mawuwa ndinabadwa nawo. Ndili kamtsikana tinkalemba pansi ndi chala, kenako pa sileti, tikumafufuta ndi malovu, ndipo ngakhale nthawi imeneyo aphunzitsi ankandikhazika pandekha chifukwa samu iliyonse ndinkaichita mokuwa. Nditayamba ntchito pa sukulu ya pulaimale ku Kasenengwa, ana sanachedwe kunditcha Wailesi. A hedi ankati m'kalasi mwanga safunika kulowamo kudzayendera, amangoima pa mjigo n'kumva phunziro lonse. Amayi obwera kudzatunga madzi anaphunzira kuchulukitsa ndi seveni osalipira kanthu. Ine zimenezo sizinkandikhudza. Ndinkadziwa kuti nzeru zanga zimayenda ndikaimirira, choko chili m'manja, pakamwa pali potsegula. Mukandikhazika pansi n'kunditseka pakamwa, mwazimitsa zonse.

Patapita zaka sukulu yathu inakula, anatipatsa makalasi a giredi eyiti ndi naini, ndipo masamu anandipatsa ine. Ee, mmene ndinkawakondera makalasi amenewo! Koma tinayamba kumva kuti kukubwera anyamata a madigiri, ndipo ife opanda digiri tibwerera kokaphunzitsa tiana ta mamina kuimba a, e, i, o, u. Sindikunyoza ntchito imeneyo, ndinaigwira zaka zambiri, koma mtima wanga unali utalawa masamu enieni. Ndinati ayi, kalasi yanga sailanda mwana wadzulodzulo. Ndinalembetsa maphunziro apakalata ku yunivesite.

Inu lero mumangodina foni, mphunzitsi n'kutulukira pagalasi. Ife mabuku ankabwera pa positi, ndipo agogo anu aamuna, malemu aMbewe, ankapalasa njinga kuchokera kumudzi kudzawatenga kuno. Nthawi zina ankapeza kuti sanafike, n'kubwerera chimanjamanja. Sukulu zikatsekera tinkapita ku Lusaka kukaonana ndi aphunzitsi athu maso ndi maso. Basi yake inali yoti ukakhala pawindo umafika tsitsi lili psuu ndi fumbi. M'mapiri muja inkakwera ikulira, ife tikupemphera, ndipo tikaima pa Luangwa aliyense ankathamangira nsomba zouma ngati kwawo kulibe ndiwo. Ine ndinkanyamula mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi chigubu cha thobwa, chimene chinkafufuma ndi kutentha moti potsegula unkayenera kuchenjeza oyandikana nawo.

Maphunziro enawo ndinkawoloka bwinobwino. Kenako tinakumana ndi kalikulasi. Inu aang'ononu musatuzule maso, si chilombo ayi. Ndi masamu a zinthu zosakhazikika. Mgolo ukamadontha, madzi satsika mofanana: ukadzaza amathamanga, ukamatha amachita ulesi. Kalikulasi amafunsa kuti pa kamphindi aka kokha, madziwo akutsika mofulumira bwanji? Ine ndinamukonda. Ku Lusaka kuja anzanga ankandiunjirira madzulo tikaweruka, ine n'kuimirira pa bolodi, n'kumawatambasulira mpaka mawu kusasa. Ankati, "Mayi Mbewe, inu ndiye mwakhoza kale." Nanenso ndinkavomereza mumtima.

Mayeso tinalembera konkuno ku Chipata, mu holo ina yaikulu ya malata, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lotentha ngati lakwiyira munthu. Woyang'anira anali mnyamata wa tayi, mwana woti ndikanatha kumubereka ndekha. Tinatsegula mapepala. Funso loyamba ndinaliona kuti ndi mnzanga, ndipo ndinayamba kulemba mosangalala. Posakhalitsa ndinangoona nsapato za mnyamata uja zaima pambali panga.

"Mayi, chonde, mwakachetechete."

Ndinamuyang'ana modabwa. Ine ndimayesa kuti ndili chete! Ndinapepesa n'kupitiriza. Sipanapite nthawi, nsapato zija zinabweranso.

"Mayi, mukuwauza anzanu mayankho. Bambo ali kumbuyo kwanuwa asiya kuganiza, akungolemba zimene mukunena. Ndikamvanso mawu anu ndilanda pepala, ndipo ndilemba kuti mumabera mayeso."

Kubera! Ine, mlembi wa amayi kutchalitchi, mphunzitsi amene ndinkagwira ana obisa timapepala m'masokosi! Ndinaluma mlomo zolimba mpaka kulawa magazi. Ndipo pamene pakamwa panatsekeka, m'mutu namo munangoti zii. Ndinkayang'ana zilembo zija, zomwe dzulo lake zinali abale anga, koma zinkangondiyang'ananso. Ndinakhala choncho thukuta lili kamukamu mpaka anati ikani zolembera pansi. Mnyamata uja musamude, ankagwira ntchito yake.

Zotsatira zitabwera, zinali zomwe mukuziganizazo. Ndipo lamulo linali lakuti phunziro limeneli ukalephera kawiri, basi, maphunziro athera pomwepo. Ndinatsala ndi mwayi umodzi, chaka chotsatira. Ndikaphonyanso, digiri yapita, kalasi yanga yapita. Tisungane, ukuona? Pamene wakhala iwepa ndinakhalapo, ndipo ndikudziwa mmene pamawotchera.

Ndinalira, koma ine kulira kwanga n'kolongolola. Bambo ako ndi abale awo ankathawira kudimba. Anzanga akutchalitchi anabwera ndi malangizo. Mayi wina wachikulire anandikumbutsa zimene anamkungwi amauza akwatibwi olongolola, zoti uzivumata madzi m'kamwa. Ndinati ndiyese. Ndinavumata madzi, n'kutsegula buku, n'kuyamba samu. Mzere woyamba bwinobwino, wachiwiri bwinobwino. Nditangoona potulukira yankho ndinafuna kunena kuti "ndiye kuti," madzi onse phwaa pabuku la eni ake. Ndinaliyanika padenga la nkhokwe ngati mfutso. Ndinayesanso kumanga duku kukamwa, koma ana anaseka mpaka kugubuduka, ndipo ine ndinkangong'ung'udza mkati mwa dukumo.

Tsono ndikuuzeni za agogo anu aamuna, poti inu aang'ono simunawapeze. AMbewe anali mlimi wa fodya, munthu wamtali, wa manja akuluakulu, wosayankhula. Ndikati wosayankhula ndikunena zoona. Ankatha kuchoka m'mawa mpaka madzulo atangonena "zikomo" polandira madzi osamba. Anthu ankati Mulungu anatiphatikiza dala kuti mawu a m'nyumba mwathu akwanire pa anthu awiri. Sukulu anailekeza msanga, bambo awo atawatuma kukaweta ng'ombe.

Tsiku lina, nyengo yosankha fodya, ndinawalondola m'chigafa. Anali atakhala pakampando kawo, mulu wa masamba patsogolo, akuwapatula malinga ndi mtundu ndi kutalika. Ine ndinaima pakhomo n'kuyamba zanga: kuti ndasiya, kuti yunivesite ndi ya anthu osalankhula, kuti Mulungu anandipatsa pakamwa ndipo sindingakamubwezere. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako, osadzutsa mutu, anati:

"ANatembo, kodi mumayesa kuti ine sindiyankhula?"

"Inu? Chikwatirane chathu mawu anu onse sangadzaze chipande."

"Ndimakuyankhani," anatero. "Mawu alionse amene munanenapo m'nyumba muja ndinayankha. Kungoti ndimayankhira mkati."

Ana inu, ndinakhala pansi. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti ndikulankhula ndi khoma, osadziwa kuti khomalo likubweza mawu! Ndinafunsa, "Nanga mumati chiyani?"

"Zimenezo zisiyeni, banja lingathe," anatero. "Mawa mubwere ndi choko."

M'mawa mwake ndinapeza atazula chitseko chakale cha khitchini n'kuchiimika m'chigafamo. Anachidetsa mmene tinkadetsera mabolodi akusukulu masiku amenewo, kusinja makala pamodzi ndi masamba a mbatata n'kupaka. Inu mumadziwa mabolodi oyera olembapo ndi zolembera zonunkha zija, simungamvetse kukoma kwa bolodi longopakidwa kumene. Anati, "Ndiphunzitseni ineyo. Kuwani mmene mungathere."

Ndinawaphunzitsa. Ndikangoweruka kusukulu, ndinkalunjika kuchigafa. Musaganize kuti ankamva kanthu. Mpaka tsiku lomwalira, aMbewe sanadziwe kuti ekisi, chilembo chija cha m'masamu, ndi mwana wa yani. Ntchito yawo inali imodzi. Dzanja langa likaima pabolodi, iwo maso ali pa fodya, ankangoti, "Ndiye?" Basi. Ndipo munthu akakufunsa choncho umayenera kupeza chotsatira, sungangoima ngati chitsa. Ndikanama, ndikumadumpha pamene sindikumvetsa, ndinkadzimva ndekha kuti apa ndikumunamiza mwamuna wanga, n'kubwerera.

Kuzizira kwa Juni kutafika anayamba kundithina. "Mwakweza. Ndili pompano." Ndinatsitsa mawu. Patapita masabata, "Mwakwezabe." Ndinayamba kunong'ona. Fodya atapita kumsika tinasamukira pakhonde, iwo akuswa mtedza wambewu. Apo anandilanda chitseko n'kundipatsa kampando ndi bokosi loti ndizilemberapo. Mayo ine, kukhala pansi kunandivuta kuposa kunong'ona! Miyendo inkachita kuyabwa kufuna kuimirira. Kenako anati milomo yokha iziyenda. Pomaliza anati ngakhale milomo ayi.

"Muzindiuzabe," anatero, "koma mkati. Ine ndimva."

Ndikangotsegula pakamwa, khoko la mtedza linkanditera pamphumi. Munthu wamkulu, mphunzitsi wa boma, kumagendedwa ndi makoko pakhomo pake! Anali ndi dzanja aMbewe, sankaphonya. Tsiku lina samu inandikanika, makoko anali atandikwana, ndinanyamula buku lija n'kuliponya pabwalo nkhuku n'kubalalika. Ndinawauza mawu amene sindingawabwereze pamaso pa adzukulu. Iwo anadzuka mwakachetechete, anakatola bukulo, analipukuta pa thalauza, n'kudzaliika pabokosi potsegula pomwe ndinalekezera. Anakhala pansi, natenga mtedza wawo.

"Ndiye?"

Ndinafuna kuwameza. Koma ndinatola cholembera.

Pofika nthawi yotentha ndinkatha kulemba pepala lonse la mayeso akale osatulutsa liwu, kuyambira mthunzi wa mango uli patsinde mpaka utafika pankhokwe. Mkati monsemo ndinkakuwa ngati kale, ndikuwakalipira aMbewe kuti amvetsere, koma kunja kuli zii. Apongozi anga anafika pofunsa mwana wawo ngati wandimenya.

Tinanyamuka dzulo lake la mayeso pa njinga, ine pakaliyala, n'kudzagona kwa alamu anga muno m'tauni. M'mawa anandiperekeza mpaka pageti la holo ija. Anati apita kumashopu kukafunsa za feteleza ndi kukamatitsa tayala lomwe linkaphwa pang'onopang'ono, adzanditenga ndikamaliza. Sanandiuze mawu olimbikitsa alionse. Anangondichotsa kaudzu paphewa n'kutembenuza njinga.

Kulowa mu holo, woyang'anira n'kukhala mnyamata wa tayi yemwe uja. Anandizindikira nthawi yomweyo.

"Mayi, mwabweranso. Mukhale kutsogolo kuno, pafupi ndi ine."

Ndinakhala. Mafunso oyamba ndinayenda nawo bwino, milomo ili phatiphati. Kenako ndinafika pa funso la malikisi ambiri. Linali la thanki yooneka ngati fanulo, yotakata kumwamba, yosongoka pansi, madzi akutuluka, ndipo ankafuna kudziwa kuti akutsika mofulumira bwanji akafika pakutipakuti. Ndinayamba bwino, koma pakati ndinapezeka ndili ndi zinthu ziwiri zosadziwika pamene ndimafuna chimodzi. Dzanja linaima. Ndinayesa uku, kwatsekeka. Ndinayesa uko, kwatsekeka. Ndiye ndinamva mawu anga aja akukwera pakhosi, milomo ikuyamba kutakataka yokha. Nsapato zija zinasuntha n'kudzaima pambali pa desiki langa.

Ndinadziwa kuti liwu limodzi lokha, zonse zatha. Ndinaika cholembera pansi, n'kutsamira chipumi pamkono. Malaya anga ankanunkha fodya, poti ndinali nditagwirira jekete la aMbewe ulendo wonse wa dzulo lake. Ndipo ndinawamva, ana inu, bwinobwino ngati ali pakhonde.

"Ndiye?"

Ndinawayankha mkati, mokalipa ndithu: "Ndiye chiyani, aMbewe? Simukuona kuti thankiyi si mgolo? Madzi akamatsika, pamwamba pake pakuchepanso!" Nditangowauza choncho ndinaona pomwe ndinasochera. Kutakata kwa madzi ndi kuya kwake zinkayendera limodzi, ndiye chimodzi chikanatha kuimira chinzake. Ndinatola cholembera. Ndinawafotokozera aMbewe mzere ndi mzere mpaka yankho linatuluka. Nsapato zija zinaima kanthawi, kenako zinachoka.

Sindikunamizani kuti ndinamaliza zonse. Funso lotsiriza ndinalisiya pakati, nthawi itatha. Polandira pepala langa mnyamata uja anandiyang'ana n'kunena chapansipansi, "Mayi, lero ndimayesa mwadwala."

Nditatuluka ndinawapeza pansi pa mtengo pafupi ndi geti, chipewa chili pabondo. Tayala lija linali lophwa momwe linalili m'mawa, ndipo za feteleza panalibe. Sanapite kulikonse. Anakhala pamenepo dzuwa lonse lija. Anadzuka, nandiyang'ana kumaso.

"Ndiye?"

Ndinatsegula pakamwa, ine Wailesi, koma sipanatuluke kanthu. Misozi yokha. Iwo anangogwedeza mutu n'kupopa tayala, ine n'kukwera. Tinatuluka m'tauni, tinadutsa minda, tinayamba msewu wafumbi wa kwathu, ine ndili chete. Titayenda mtunda ndithu, ndinangomva akunena osatembenuka:

"ANatembo, yambani kuyankhula. Ndikumayesa mwagwa panjinga."

Ndinaseka mpaka tinatsala pang'ono kugweradi m'ngalande. Ndipo ndinayankhula mpaka kufika kunyumba, funso lililonse ndinawafotokozera, mokweza, anthu m'njira akutitembenukira.

Ndinakhoza. Osati mwapamwamba, koma ndinakhoza, ndipo kalasi yanga sanailande munthu mpaka ndinapuma ndekha. Chithunzi chili pakhomacho, chimene ndavala mkanjo ndi chipewa cha omaliza digiri, muone bwino munthu wamtali waima kumbuyoyo. Wojambula anawauza kuti amwetulire, iwo anati amwetulira kale mkati.

Chiwaikire m'manda, nyumba ino imandikulira. Anthu amati panyumba pamachita zii mwamuna akapita, koma kwa ine panali zii kale, chimene ndimasowa ndi munthu wondifunsa chotsatira. Ndimawasowa kwambiri, ana inu, sindibisa.

Tsono iwe Tisungane, ndakhala ndikukuonera masiku onsewa. Vuto lako si langa. Iwe umakhala chete mopitirira, timawaya tili m'makutu, ukuonerera munthu wapafoni akuchita samu, iwe n'kumangogwedeza mutu. Iye uja amadziwa, nanga iwe? Palibe amene anakuimitsapo pakati n'kukufunsa kuti kenako chiyani. Mayeso ako obwereza ukalemba, ndipo usandiyankhe, sindinafunse maganizo ako.

Kondwani, pita kuseri kwa khitchini. Kumbuyo kwa matumba a chimanga kuli chitseko chakuda, chimene bambo ako amafuna kuchiwaza nkhuni chaka chilichonse ine n'kumakana. Chinyamule ndi mng'ono wako, muchiimike apa. Choko chili m'chitini cha pawindo. Ndipo mundipatse lichero la mtedza lija, ndikhale pakampando ka agogo anu.

Dzuka, mwanawe. Tenga funso lomwe linakugwetsalo, undiphunzitse ineyo, mokweza, anthu a nyumba yachitatu amve. Zambiri ndinaiwala, ndiye usandidumphitse. Ine nditseka pakamwa. Musaseke, ndinachita kuphunzira kwa katswiri.

Eya, lemba. Pitiriza. Ukuyang'ana ine bwanji, yankho lili pankhope pangapa? Dzanja laima.

Ndiye?